Mwana wanga akufuna kulowa gulu la ndege za nkhondo kuyunivesite: magulu amenewa anachokera kuti?

Funso: Ndimakhala ku Leeds ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wamkazi wangoyamba kumene digiri ya uinjiniya, ndiye wabwera ndi nkhani yoti akufuna kulowa gulu lotchedwa University Air Squadron. Akuti azikaphunzira kuyendetsa ndege ulere, azilandiranso kangachepe, koma akuti si usilikali. Ine mutu waima. Boma lingaphunzitse munthu ndege ulere osafuna kanthu? Magulu amenewa anayamba bwanji, ndipo nkhondo itabuka mwana wanga sangatengedwe? *Mayi wa ku Leeds*

Yankho: Mayi, mwana wanu wakuuzani zoona, koma wasiyako zina. Usilikali ulipo ndithu. Akalandiridwa adzalumbira, adzavala yunifolomu ya Royal Air Force, ndipo dzina lake lidzalembedwa mu Royal Air Force Volunteer Reserve, nthambi ya asilikali odzipereka amene sagwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku, pa udindo wa Officer Cadet. Pamene walondola ndi poti sadzakakamizidwa kulowa ntchito ya usilikali akamaliza digiri, angathe kusiya gululi akafuna, ndipo ophunzira a m'magulu amenewa satumizidwa kumene kukumenyedwa nkhondo. Boma limafunadi kanthu, monga mwaganizira. Kuti muone chimene limafuna tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 100, chifukwa cholinga chimene anayambira magulu amenewa sichinasinthe kwenikweni mpaka lero.

Royal Air Force, imene ambiri amangoti RAF, inabadwa pa 1 Epulo 1918, nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati. Anaipanga pophatikiza ndege za asilikali apamtunda ndi ndege za asilikali apamadzi. Nkhondo itatha mu Novembala chaka chomwecho, akuluakulu a magulu awiri akalewo anayamba kufuna ndege zawo kuti zibwerere. Kwa iwo, RAF inali chinthu chongoyembekezera chimene chinapangidwa pa nthawi ya mavuto, ndipo mavutowo anali atatha. Boma nalonso linali m'ngongole zoopsa. Mu 1919 linalamula kuti bajeti ya asilikali izikonzedwa poganiza kuti sipadzakhala nkhondo yaikulu kwa zaka 10 zikubwerazo. Gulu latsopano, lopanda mbiri, lopanda ndalama, lozunguliridwa ndi akulu ake awiri ofuna kulimeza: umu ndi mmene Hugh Trenchard anaipezera RAF pamene anabwerera pa mpando wa mkulu wake mu 1919, ndipo anakhala pampandopo mpaka kumapeto kwa 1929.

Trenchard sanali munthu wodziwa kuyankhula, koma ankaona patali. Ndalama zochepa zimene anapatsidwa sanathamangire kugulira ndege zambiri, poti ndege za masiku amenewo zinali zamatabwa ndi nsalu ndipo zinkatha ntchito m'zaka zowerengeka. Anaziika pa sukulu. Koleji ya maofisala ya Cranwell inatsegulidwa mu 1920, ndipo mpaka lero aliyense wofuna kukhala ofisala wa RAF amadzera pamenepo, monga mmene asilikali a kwathu amadzera ku MAFCO ku Salima. Ku Halton anaikako sukulu ya anyamata ophunzira kukonza ndege. Koma panali vuto lina limene sukulu ziwirizi sizikanathetsa.

Vutolo linali la abale. Asilikali apamtunda ndi apamadzi anali ndi mizu yozama m'mabanja olemera ndi olamula. Phungu wa Nyumba ya Malamulo, nduna, bishopu, mkonzi wa nyuzipepala, aliyense anali ndi bambo, mchimwene kapena mwana amene anatumikirako. Nkhani ya bajeti ikafika m'Nyumba, anthu owaikira kumbuyo sankasowa. A RAF ankaonedwa ngati amakaniko onunkha mafuta, anthu oti mwana wa pabanja lolemekezeka sangalowe gulu lawo. Kuonjezera apo, asilikali apamtunda anali atalowa kale m'mayunivesite: kuyambira 1908, pamene Richard Haldane anali nduna ya za nkhondo, panali Officers' Training Corps imene inkaphunzitsa ophunzira za usilikali ali pasukulu. Trenchard anaona kuti anyamata a ku Oxford ndi Cambridge ndi amene pakapita zaka 20 kapena 30 adzakhale akusaina mapepala a boma. Akanakhala kuti ali anyamata anakwerapo ndege ya RAF, anadya ndi maofisala ake, anakonda gululo, ndiye kuti RAF ikanakhala ndi oiyankhulira m'maofesi onse akuluakulu. Owerengeka mwa iwo akanalowa ntchito ya usilikali, ena akanakhala nkhokwe ya oyendetsa ndege pa nthawi ya nkhondo, ena akanakhala mainjiniya okonda za ndege. Otsalawo, amene anali ambiri, akanangokhala abwenzi. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo Trenchard ankaika.

Ganizoli linatenga zaka kuti litheke. Aphunzitsi a m'mayunivesite anali atangotaya ophunzira ambirimbiri kunkhondo, ndipo sankafuna kumva za yunifolomu ina pasukulu, makamaka ya chinthu choopsa ngati ndege. Samuel Hoare, nduna yoona za ndege pa nthawiyo, anathandiza kukankha nkhaniyi. Gulu la Cambridge linakhazikitsidwa pa 1 Okutobala 1925, la Oxford linatsatira patangopita masiku ochepa mwezi womwewo. Kuti mayunivesite avomere, RAF inagonja pa zinthu zingapo. Magulu oyambawa anali ngati makalabu a anthu wamba. Olowa sankakhala asilikali, sankalonjeza kudzatumikira, ndipo poyamba kuuluka kwenikweni kunkachitika pa tchuthi, kukampu ya pachaka, pamene mkati mwa teremu ankaphunzira za injini, mapu ndi mawailesi ali pansi. Patapita zaka zochepa ndi pamene anawalola kuuluka sukulu ili mkati. A ku Cambridge ankaulukira ku Duxford, a ku Oxford ku Upper Heyford kenako ku Abingdon. Choncho ufulu wosiya umene ndatchula uja unalipo kuyambira tsiku loyamba, ndipo unali mtengo umene RAF inalipira kuti iloledwe kulowa pageti la yunivesite.

Kadzina kamodzi ka nthawi imeneyi kakufika kufupi ndi kwathu. Amene anayamba kutsogolera maphunziro a gulu la Oxford anali Humphrey Raikes, mphunzitsi wa chemistry amene anagwirapo ntchito za ndege pa nthawi ya nkhondo. Sanakhalitsepo. Mu 1928 anapita ku Johannesburg kukakhala mkulu wa yunivesite ya Witwatersrand, ndipo anakhala paudindowo mpaka 1954.

Zaka 10 zoyambirira zinali za mtendere ndi chisangalalo. Anyamata ankaphunzira pa ndege ya mapiko awiri osanjikizana yotchedwa Avro 504, kenako Avro Tutor. Mphunzitsi ndi wophunzira ankakhala wina kutsogolo wina kumbuyo, mitu ili pamtunda popanda denga, mphepo ikuwomba kumaso, ndipo ankayankhulana kudzera m'kapaipi kochokera pakamwa pa mphunzitsi kukafika m'makutu a chipewa cha wophunzira. Ambiri amene ankalowa anali ana a anthu opeza bwino, poti ndi amene ankafika ku Oxford ndi Cambridge masiku amenewo. Dzina loti ndi kalabu ya ana a mabwana youlukira pa msonkho wa amphawi linayambira pamenepo, ndipo silinafufutike lonse.

Ophunzira anzawo ambiri analibe nazo chidwi za nkhondo. Mu Febuluwale 1933 bungwe la mtsutso la Oxford Union linavota, mavoti 275 kwa 153, kuti iwo sadzamenyera nkhondo mfumu ndi dziko lawo zivute zitani. Izi zinachitika patangopita masiku ochepa Adolf Hitler atatenga boma ku Germany. Mu 1935 Germany inaulula poyera kuti ili ndi gulu la ndege za nkhondo, ndipo Britain inayamba kukuza RAF mothamanga. Chaka chomwecho gulu lachitatu linatsegulidwa ku yunivesite ya London. Mu 1936 boma linakhazikitsa Volunteer Reserve ija, ndipo ophunzira amene anali atadziwa kuuluka ankalimbikitsidwa kulandira udindo wa uofisala m'nthambi imeneyi. Pepala limenelo linali losiyana ndi la kalabu. Wosaina ankavomera kuti dziko likamuitana adzapita.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lanu lomaliza, ndipo sindikubisirani. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba mu Seputembala 1939, magulu atatu aja anatsekedwa, ndipo amene anasaina pepala lija anaitanidwa. Ena anamenya nawo nkhondo ya mumlengalenga yoteteza Britain mu 1940, imene mwa anthu pafupifupi 3,000 amene anaulukamo, 544 anafa nkhondoyo isanathe. Ena anapita ku ndege zoponya mabomba, kumene imfa inali yochuluka koposa: mwa anthu pafupifupi 125,000 amene anauluka mu Bomber Command, oposa 55,000 sanabwerere. Kenneth Campbell, amene anaphunzira ku Clare College ndi kuyambira kuuluka m'gulu la Cambridge, anafa pa 6 Epulo 1941 ku doko la Brest ku France. Analowa ndi ndege yake yokha m'doko lodzaza mizinga, akuuluka pafupi kwambiri ndi madzi, n'kuwononga kwambiri sitima yankhondo ya Germany yotchedwa Gneisenau. Anamuwombera pomwepo ndi anzake atatu a m'ndegemo. Anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross, yapamwamba kuposa zonse za kulimba mtima pankhondo ku Britain, atamwalira.

Komabe taonani bwino chimene chinawatengera kunkhondo. Mu Seputembala 1939 momwemo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna a zaka 18 mpaka 41 kulowa usilikali, ndipo kumapeto kwa 1941 lamulo linafikanso kwa akazi osakwatiwa a zaka 20 mpaka 30. Mnyamata amene sanayandikireko n'komwe ku bwalo la ndege anaitanidwa chimodzimodzi. Kusiyana kwake kunali koti wa m'gulu la ndege anapita msanga, anapita ngati ofisala, ndipo anapita ku ntchito imene inkapha anthu ambiri. Pa nkhondo ya msinkhu umenewo, chimene chimatenga ana a anthu ndi lamulo la dziko. Britain inasiya kuitana anthu mokakamiza mu 1960, ndipo omaliza anatuluka mu 1963.

Dzina lina la m'badwo umenewu mwina munalimvapo osadziwa kuti likukhudzana ndi ndege. Leonard Cheshire ankaphunzira zamalamulo ku Merton College ku Oxford, ndipo anali mnyamata wokonda magalimoto othamanga ndi zisangalalo kuposa mabuku. Analowa gulu la ndege la Oxford, analandira uofisala wa Volunteer Reserve mu 1937, ndipo pankhondo anauluka maulendo oponya mabomba okwana 100, anatsogolera gulu la ndege zoponya mabomba lotchedwa 617 Squadron, n'kulandira Victoria Cross mu 1944. Pa 9 Ogasiti 1945 anali m'ndege ina ngati mboni ya Britain pamene bomba la atomiki linkagwa pa Nagasaki. Mu 1948 anatenga bambo wina wodwala khansa amene analibe kopita n'kuyamba kumusamalira yekha m'nyumba mwake ku Le Court. Kumeneko ndi kumene kunachokera nyumba za Cheshire zosamalira anthu aulumali, zimene zinafika ku Blantyre, ku Lusaka, ku Chipata ndi m'maiko ena ambiri. Mkazi wake anali Sue Ryder, amene bungwe la dzina lake anthu a ku Balaka ndi Ntcheu amalidziwa. Inu amene mumasamalira okalamba, ntchito yanu ili pafupi ndi ya bambo ameneyu kuposa mmene mwana wanu angaganizire.

Kutseka kwa 1939 sikunakhalitse. Pofika kumapeto kwa 1940 RAF inali ikusowa anthu ophunzira bwino oti akhale oyendetsa ndege ndi olondolera njira, ndiye magulu aja anatsegulidwanso, ndipo mu 1941 anafalikira m'mayunivesite a dziko lonse mpaka anapitirira 20. Glasgow, Edinburgh, Aberdeen, Belfast, Manchester, Liverpool, Birmingham, Bristol, ndi kwanu ku Leeds, konseko kunabadwa magulu nthawi imeneyi. Ntchito yawo inasintha. Anasanduka khomo loyamba la maphunziro a nkhondo, kumene wophunzira ankadziwa kuguba, kuwerenga mapu, kuzindikira ndege za adani ndi kutumiza mauthenga a Morse asanapite kukaphunzira kuuluka kwenikweni. Panalinso maphunziro afupi a miyezi 6, amene RAF inkalipirira anyamata osankhidwa kuti akhale payunivesite asanavale yunifolomu. Ana ambiri a anthu wamba analowa pageti la Oxford kapena Cambridge koyamba kudzera njira imeneyi.

Kuuluka kwenikweniko ambiri ankakaphunzirira kunja, kumene kunalibe ndege za adani ndipo nyengo inali yabwino: ku Canada, ku America, ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia. Mabwalo monga Belvedere ku Salisbury, Kumalo ku Bulawayo ndi Thornhill ku Gwelo anadzaza anyamata ochokera ku Britain kuyambira 1940. Anthu akuda a m'dera lathu anaikonza minda ija kukhala mabwalo, ambiri mokakamizidwa, ndipo ena anailondera ngati asikari. Mpando wa woyendetsa ndege sunali wawo.

Nkhondo itatha ena mwa magulu aja anatsekedwa, otsalawo anaikidwa mokhazikika pansi pa Volunteer Reserve ndipo anabwerera ku kuuluka. Anayamba ndi Tiger Moth, ndege ya mapiko awiri imene munthu ankailiza pozunguza chopukusira chakutsogolo ndi manja. Kuyambira 1950 inabwera Chipmunk, yopangidwa koyamba ndi de Havilland ya ku Canada, ndipo iyi ndi ndege imene madoda ambiri a ku Britain amene anadzera m'magulu amenewa amaikumbuka ndi misozi. Inali ndi gudumu laling'ono kumchira, moti ikakhala pansi mphuno yake inkaloza kumwamba n'kutseka njira. Wophunzira poyenda nayo pabwalo ankayenera kuikhotetsa uku ndi uku ngati woledzera kuti aone kutsogolo, ndipo potera inkaulula msanga amene mapazi ake ndi aulesi. Asilikali a ndege a Zambia nawonso anaphunzitsirapo pa Chipmunk dzikolo litangolandira ufulu. Kuyambira 1973 inalowa m'malo ndi Bulldog, yopangidwa ku Prestwick ku Scotland, imene mphunzitsi ndi wophunzira ankakhala moyandikana phewa ndi phewa.

Chodabwitsa pa zaka zimenezi n'choti magulu a m'mayunivesite anapulumuka pamene ena ofanana nawo ankafa. Mu 1957, chaka chimene nduna ya chitetezo Duncan Sandys inalengeza kuti mizinga youluka yokha idzalowa m'malo mwa ndege zambiri zoyendetsedwa ndi anthu, magulu ouluka a Royal Auxiliary Air Force, nthambi ina ya asilikali odzipereka, amene anayamba chaka chimodzi ndi a m'mayunivesite, anathetsedwa. A m'mayunivesite anatsala. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene mbewu ya Trenchard inaonekera kuti inamera. Nthawi iliyonse imene wina wawerengetsera ndalama n'kunena kuti magulu amenewa amadya zambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha maofisala amene amatulutsa, pamapezeka phungu, bwana wa kampani kapena mkulu wa asilikali amene anayambira kuuluka m'gulu lotere, wokonzeka kuwaikira kumbuyo. Chimene chakhala chikuchitika m'malo mothetsa ndi kuphatikiza. Gulu la Leeds linaphatikizidwa ndi la Hull mu 1969 n'kukhala Yorkshire Universities Air Squadron, limene mwana wanu akufuna kulowa. Lasamukasamuka pamene mabwalo a RAF akhala akutsekedwa: Finningley, Church Fenton, Linton-on-Ouse, ndipo tsopano lili ku Leeming, kumpoto kwa Leeds. La ku Belfast linatsekedwa mu 1996, ndipo Northern Ireland inadzakhalanso ndi gulu mu 2015. Magulu onse alipo 15, ndipo lililonse limatenga ophunzira a m'mayunivesite angapo oyandikana.

Za akazi zinachedwa. RAF inapereka mapiko kwa mkazi woyamba woyendetsa ndege pa ntchito yokhazikika, Julie Gibson, mu 1991, ndipo Jo Salter anayamba kuyendetsa ndege yankhondo ya Tornado chapakati pa zaka za m'ma 1990. Kirsty Moore, mkazi woyamba kuuluka ndi gulu la zionetsero la Red Arrows mu 2010, anaphunzira uinjiniya wa ndege ku Imperial College ndipo anadzera m'gulu la London. Mwana wanu sadzakhala mtsikana yekha kumeneko.

Kusintha kumene kukumukhudza kwambiri kunachitika chapakati pa zaka za m'ma 2000. Kwa zaka zingapo izi zisanachitike, RAF inkagwiritsa ntchito magulu a m'mayunivesite ngati gawo loyamba lenileni la maphunziro a oyendetsa ndege ake. Wophunzira wofuna ntchitoyi ankayesedwa pa ulendo uliwonse, ndipo zotsatira zake zinkathandiza kugamula ngati adzapite ku ndege zankhondo zothamanga, ku mahelikopita kapena ku ndege zikuluzikulu zonyamula katundu. Zinali zotsika mtengo kwa boma, koma zinkamupanikiza mwana pawiri: mayeso a digiri mbali iyi, mayeso a ndege mbali inayo, ndipo amene digiri yake inali yolemera ngati uinjiniya ankapezeka akutsalira. Atasintha, maphunziro ovomerezeka a kuuluka anabwerera ku sukulu za RAF, munthu atamaliza digiri ndi kudzera ku Cranwell. M'magulu a m'mayunivesite kuuluka kunachepa, ndipo nthawi yambiri inapita ku maphunziro a utsogoleri, masewera, kukwera mapiri, kupalasa mabwato ndi kuyendera malo a asilikali. Akale ena amadandaula kuti mtima wa magulu aja unachotsedwa. Ine ndimati anangobwerera kumene anayambira mu 1925.

Ndege imene adzakwere ndi Grob Tutor, yopangidwa ku Germany, imene inayamba kulowa m'malo mwa Bulldog mu 1999. Ndi yoyera, ya injini imodzi, ya anthu awiri, ndipo mwini wake ndi kampani imene ili pa mgwirizano ndi boma, n'chifukwa chake ili ndi nambala ya ndege wamba. Wophunzira amakhala kudzanja lamanja, mosiyana ndi ndege zambiri zazing'ono, kuti azolowere kugwira ndodo yowongolera ndi dzanja lamanja ndi chowonjezera mphamvu ya injini ndi lamanzere, monga zimakhalira m'ndege zankhondo. Amavala chipewa cholimba ndi parachute. Masiku oyamba amaphunzira kuiyendetsa mowongoka, kukwera, kutsika ndi kukhota, kenako amayamba kuzungulira bwalo: kunyamuka, kukhota kanayi, kutera, kunyamukanso, mobwerezabwereza mpaka thupi lizolowere. Tsiku lina mphunzitsi akakhutira amatsika, amamanga malamba a mpando wake wopanda munthu, n'kumuuza kuti azungulire kamodzi yekha. Si onse amafika pamenepa. Nyengo ya ku Yorkshire mukuidziwa nokha, ndipo wophunzira angathe kupita ku Leeming kangapo n'kubwerako osauluka chifukwa cha mitambo. Musamuletse kulota, koma adziwe kuti gululi silipereka laisensi yoti akayendetsere ndege za anthu apaulendo.

Akamafufuza pa intaneti adzakumana ndi nkhani zambiri za ku America, ndipo asazisokoneze ndi za ku Britain. Kumeneko kuli Air Force ROTC, pulogalamu yophunzitsa ophunzira a m'mayunivesite usilikali wa ndege, imene mizu yake ili m'lamulo la 1916 ndipo nthambi zake zoyamba za ndege zinatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Imeneyo ndi njira yeniyeni yolembera maofisala. Womaliza amalandira udindo tsiku lomwe walandira digiri ndipo amayenera kutumikira zaka zosachepera 4, pamene woyendetsa ndege amamangidwa zaka 10 akamaliza maphunziro ake a kuuluka. Chifukwa cha kugwirizana kwake ndi nkhondo, ROTC inadedwa kwambiri pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam: mayunivesite monga Harvard anaichotsa, ndipo ku Kent State nyumba yake inatenthedwa mu Meyi 1970, masiku awiri asilikali asanawombere ndi kupha ophunzira anayi pasukulupo. Australia inatengera chitsanzo cha Britain mu 1950 koma inatseka magulu ake mu 1973, ndipo Canada inasiya dongosolo lake lofanana nalo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Tsono mwana wanu alowe kapena ayi? Ine sindingamuletse. Kulowa kwake n'kovuta kale: amalemba anthu kumayambiriro kwa chaka cha sukulu, malo ndi ochepa, pali kufunsidwa mafunso, kuyezedwa m'thupi ndi adokotala, mayeso othamanga, ndi kufufuzidwa mbiri. Matenda monga mphumu amalepheretsa ambiri. Palinso malamulo a unzika ndi a zaka zimene munthu wakhala m'dzikomo, ndipo popeza amasinthasintha, afunse ku gululo msanga, atanyamula pasipoti yake ndi mapepala okhalira m'dziko, asanayambe kudziona ali mumlengalenga. Akalowa, pamakhala msonkhano wa madzulo kamodzi pa sabata mkati mwa teremu, masiku opita kubwalo la ndege, ndi kampu pa tchuthi. Kangachepe kaja ndi malipiro a masiku amene wagwira nawo maphunziro, okwanira kuthandiza pa sopo koma osati kulipira lendi. Chimene ndingaope ine pa mwana wa uinjiniya ndi nthawi. Gululi limakoma, anzake a kumeneko amasanduka abale, ndipo si zachilendo kuti wophunzira apezeke akudziwa bwino za ndege kuposa masamu a chaka chachiwiri.

Dziwaninso kuti akakhala kumeneko zaka ziwiri kapena zitatu, mwayi woti adzafune yekha kulowa RAF udzakula. Sadzakakamizidwa, koma adzakhala atazolowera anthu ake, nthabwala zawo ndi kaganizidwe kawo, ndipo gululo linapangidwira zimenezo. Ngati m'banja mwanu usilikali ndi nkhani yovuta, kaya chifukwa cha chipembedzo kapena zimene munaona, kambiranani tsopano asanavale yunifolomu.

Pomaliza, mufunseni kuti pepala limene akufuna kusaina ndi liti, poti alipo awiri. Loyamba ndi la umembala wamba, limene ndafotokoza, ndipo angathe kulisiya. Lachiwiri ndi la thandizo la ndalama za sukulu limene RAF imapereka kwa ophunzira ena, makamaka a uinjiniya ndi udokotala, atapambana mayeso osankhira maofisala. Olandira thandizo limeneli amakhalanso m'gulu lomwelo, amavala yunifolomu yomweyo, koma iwo alonjeza kudzagwira ntchito ya usilikali akamaliza digiri, ndipo wosintha maganizo angathe kuuzidwa kuti abweze ndalamazo. Akabwera nalo kunyumba pepala lachiwirili, muliwerenge limodzi mzere ndi mzere, makamaka pamene alemba zaka zotumikira ndi zimene zimachitika munthu akalephera mayeso a ku Cranwell.